Owonera akukhudza mafoni, wovina wavala Quest: tilumikize bwanji?

Phiri: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tikukonza sewero kuno ku Kasungu. Wovina avala Meta Quest 3, chipangizo chovala kumaso choonetsa dziko lopangidwa pa kompyuta, zomwe akuona zizioneka pa projekita, ndipo owonera ngati 80 azikhudza mafoni awo kuti mvula igwe kapena njovu zituluke m'thengo. Poyeserera, mafoni akapitirira 25 ena akumaduka, wovinanso akumva chizungulire.

Nabanda: Tiyambe ndi chizungulirecho, achimwene. Ngati owonera akutembenuza kamera ya m'dziko lomwe wovina akuonalo, chotsani zimenezo lero lomwe. Maso akamaona dziko likuyenda thupi lili chiimire, mseru suchedwa. Iwo azisintha mvula, kuwala ndi nyama basi, kamera izitsata mutu wa wovina. Onetsetsaninso kuti mafulemu (zithunzi zomwe Quest ikuonetsa motsatizana) sakutsika pa 72 pa sekondi. Aliyense akatulutsa njovu yake, Quest imalemedwa.

Mwale: Kudukako kuli pawiri. Rauta ya m'nyumba siyinyamula khamu lotere, pezani access point (chipangizo chofalitsa Wi-Fi), muonenso kuti DHCP, yomwe imagawira foni iliyonse adiresi yake pa netiweki, ili ndi ma adiresi okwanira. Chachiwiri, foni ya Android ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti imathawira ku data, choncho muziwauza pakhomo kuti azimitse data. Quest ikhale yokha pa Wi-Fi ya 5GHz, laputopu pa waya wa Ethernet, mafoni pa 2.4GHz chifukwa ambiri otchipa sagwira 5GHz. Tchanelo cha 2.4GHz musankhe 1, 6 kapena 11.

Nabanda: Musawavutitse ndi app. Tsamba limodzi lotsegula ndi QR code likwana. Laputopu izilandira zomwe adina kudzera pa WebSocket (njira yosunga tsambalo lili lolumikizidwa ku laputopu), iziwerenga mavoti, kenako pakatha masekondi awiri alionse izitumiza uthenga umodzi wa OSC (njira yomwe mapulogalamu amatumizirana malamulo afupiafupi) ku Unity, pulogalamu yopangira dziko lomwe wovina akuona. Mabatani akhale awiri okha, lililonse theka la sikirini, la mtundu wosathobwa m'maso mumdima. Munthu azidina maso ali pa siteji. Akadina, batani lisinthe mtundu pompo, apo ayi adina kakhumi poganiza kuti sizinagwire. Zokwekweza chala zisiyeni, thukuta la mu Okutobala limasokoneza sikirini.

Phiri: Ndamva, achemwali. Nanga amene ali ndi mafoni a mabatani?

Mwale: Ikani matabuleti anayi kumapeto kwa mizere ya mipando, otseka ndi screen pinning (kukhoma sikirini pa app imodzi) kuti ana asatuluke patsambalo. Rauta, access point ndi projekita zikhale pa UPS, batire losunga magetsi akazima. Magetsi akangophethira, netiweki imachedwa kudzuka ndipo anthu 80 aja ayenera kulumikizanso sewero lili mkati.