Zoyezera malungo zatha, mankhwala alipo: nditani ndi ana otentha thupi?

Mlangizi wa zaumoyo:
Anzanga pantchito, ndithandizeni maganizo. Lamulo la boma likuti mwana asapatsidwe mankhwala a malungo asanayezedwe magazi. Ine pakiliniki yam'mudzi mankhwala a malungo a LA ndili nawo, koma zoyezera malungo (ma mRDT) zatha. Chipatala chili kutali, mtsinje wadzaza, amayi akubwera ndi ana otentha thupi. Kuwabweza mtima ukundipweteka, kupereka osayeza ndikuopa. Inu mumatani?

Namwino:
Achimwene, lamulolo lili ndi chifukwa chake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa mu 2010 kuti tiziyeza kaye, poti si kutentha thupi kulikonse komwe kuli malungo. Mukangopereka LA kwa mwana wachibayo, mayi apita kwawo atakhazikika mtima pomwe matenda akukula. Choncho werengani kapumidwe kaye: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposera pa mphindi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, ganizani za chibayo. Amene akukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena wafookeratu, ameneyo safunika kudikira zoyezera. Muikeni artesunate wa kuthako (mankhwala a malungo aakulu omuthandiza asanafike kuchipatala), kalata yomutumizira kuchipatala m'manja, anyamuke basi.

Mlangizi wina:
Zoona mayi, koma nanga mwana wopanda zizindikiro zoopsazo, pomwe njira yatsekeka? Malangizo a WHO omwewo amalola kupereka mankhwala pongoona zizindikiro ngati kuyeza sikungatheke. Chisankho chimenecho musachisenze nokha ayi. Imbirani okuyang'anirani, akuyankheni pa meseji, ndipo mulembe m'kaundula kuti mwanayo sanayezedwe komanso chifukwa chake.

Woyang'anira mankhwala:
Ndilowepo pa gwero la vutoli, chifukwa limandikhudza. Malo ambiri katundu timatumiza poona zomwe munagwiritsa ntchito miyezi yapitayi. Miyezi ya chilimwe odwala amakhala ochepa, ndiye mvula ikayamba mumalandira katundu wa chilimwe pomwe udzudzu wachuluka. China, ambiri mumalemba bwino LA amene watuluka, koma zoyezera za ana omwe sanapezeke ndi malungo, ngakhalenso zowonongeka, simuzilemba. Ife timaona ngati zikadalipo. Ndipo chonde lembani masiku omwe munakhala opanda zoyezera. Mukangoika ziro, zimaoneka ngati kunalibe odwala, mwezi wamawa tikutumizirani zochepanso.

Mlangizi wa zaumoyo:
Masiku amenewo fomu yathu ili nawo malo ake, ndiwadzaza lero. Nanga za mawa?

Woyang'anira mankhwala:
Funsani anzanu oyandikana nawo amene ali tsidya lanu la mtsinje. Wina angakhale ndi bokosi loti latsala pang'ono kutha ntchito. Kubwerekana n'kololedwa bola okuyang'anirani adziwe, ndipo nonse awiri mulembe pakhadi ya katundu.

Mlangizi wa zaumoyo:
Ndaimba. Mnzanga ali ndi bokosi la zoyezera 25, abwana avomera, ndikatenga panjinga m'mamawa. Zikomo nonse.