Mitochondria akungoduka pa gel yofewa ndi yolimba yomwe

Chisomo: Anzanga, ndithandizeni. Ndadzala maselo a khansa ya m'mawere, MDA-MB-231, pa gel ziwiri za polyacrylamide: yofewa ya 0.5 kPa (kPa ndi muyeso wa kulimba), ya acrylamide 3% ndi bis 0.06%, ndi yolimba ya 20 kPa, ya 8% ndi 0.264%. Ndikufuna kuona ngati kulimba kwa mnofu wozungulira chotupa kumasintha mitochondria, tizigawo topanga mphamvu mu selo. Koma pa maikulosikopu ya confocal, mitochondria pa gel zonse ziwiri ndi timadontho todukaduka, kusiyana palibe. TMRM, utoto wowala woonetsa membrane potential (mphamvu ya magetsi ya mitochondria), nayonso ikuzilala msanga.

Mphatso: Mumathira madzi a gel ochuluka bwanji, a Chisomo? Nanga pojambula mumaiika bwanji?

Chisomo: 10 µl pa coverslip ya 18 mm. Lens ya mafuta ya 63x siifika pa maselo kudzera mu gel, ndiye ndimaivundikira pa galasi, maselo pansi.

Mphatso: Vuto lagona pamenepo. Mukavundikira, maselo amapanikizika pakati pa gel ndi galasi, ndipo kupanikizako pakokha kumasintha mitochondria m'mphindi zochepa. Gulu la ku CRG, malo a kafukufuku ku Barcelona, linafinya maselo a khansa mpaka 3 µm, mitochondria n'kuunjikana mozungulira nucleus, ATP (mphamvu ya selo) ya mu nucleus n'kukwera. Ndiye inu mukuyeza kufinya, osati kulimba. Komanso selo ikakhudza galasi, yakumana ndi chinthu cholimba kuposa gel iliyonse. Siyani maselo m'mwamba, mujambule ndi lens yomiza m'madzi pa maikulosikopu yoyang'ana kuchokera pamwamba.

Gel yanunso yapyapyala. 10 µl pa 18 mm ndi pafupifupi 40 µm, ndipo gel yofewa ikapyapyala kwambiri selo imatha kumva galasi la pansi. Thirani 25 µl, ifike 100 µm.

Tiyamike: Ndionjezepo za kutsuka. Acrylamide yomwe sinagwirane ndi poizoni, ndipo imaononga mitochondria. Tsukani gel katatu ndi PBS (madzi a mchere otsukira), igone mu PBS mufiriji usiku wonse. Sulfo-SANPAH, mankhwala omatira collagen pa gel kuti maselo agwire, musungunule pomwe mukuigwiritsa ntchito, 0.5 mg/ml mu HEPES ya pH 8.5, UV ya 365 nm mphindi 10. Ikakhalitsa m'madzi imaonongeka, collagen sagwira, maselo amangobulungika.

TMRM ikani 20 nM ndipo isachoke mu medium pojambula, mukaitsuka imatuluka. Chepetsani laser, kutentha kukhale 37 °C. Pomaliza thirani FCCP, mankhwala ochotsa membrane potential: kuwala kukapanda kugwa, zomwe mumaona sizinali membrane potential.

Chisomo: Zikomo. Ndiye ndiyembekezere kuduka pa yolimba?

Tiyamike: Musadziikire yankho msanga, achimwene. Gulu la Valerie Weaver ku yunivesite ya UCSF ku San Francisco linaona kuduka pa malo olimba, pomwe la Sirio Dupont ku Padova linakuona pa ofewa, kudzera mu DRP1, puloteni yodula mitochondria. Mtundu wa selo, shuga wa mu medium ndi kuthithikana kwa maselo zonse zimakhudza. Dzalani chiwerengero chofanana pa gel zonse, mudikire maola 24, ndipo woyeza kutalika kwa mitochondria mu pulogalamu ya zithunzi ya Fiji asadziwe kuti chithunzi chachokera pa gel iti.