Mbiri ya zisankho za dera lomwe analidula malire: ndiilembe bwanji?

Nabanda:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kuntchito andipatsa pologalamu ya mphindi 20 yofotokoza mbiri ya zisankho za phungu m'dera la Lilongwe City South East, lija pawailesi tinkaliti kummwera chakummawa kwa mzinda wa Lilongwe. Ndimati ndingondandalika mayina a opambana kuyambira 1994 kufika 2025, koma zandithina. Pepala la zotsatira za 2014 likuti anapambana a Bentley Namasasu a DPP, pomwe mndandanda wa aphungu a mu 2018 uli ndi a Ulemu Msungama a MCP. Ndikafika pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, dzina la derali silikupezekanso. Apo mkonzi wanga akufuna chiganizo chimodzi chotsegulira, choti "derali ndi la chipani chakuti". Tijambula Lachinayi.

Achimwene Mbewe:
Mapepala anu onse awiri akunena zoona, achemwali. Chitatha chisankho cha pa 20 Meyi 2014, bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza kuti apambana a Namasasu, ndipo kusiyana kwa mavoti kunali kochepa kwambiri. A Msungama anakamang'ala kubwalo la milandu, bwalo linati mavoti awerengedwenso, koma asanawerengedwe nyumba yosungiramo katundu wa chisankho ku Lilongwe inapsa pamodzi ndi mabokosi. Mlandu unayenda mpaka kubwalo lalikulu la apilo, lomwe mu 2017 linagamula kuti anthu akavotenso. Anavota pa 17 Okutobala 2017, a Msungama n'kupambana. Mu 2019 anapambananso. Ndiye pakati pa 2014 ndi 2019 muikepo mzere wina wa 2017.

Nabanda:
Zikomo achimwene. Nanga poti bwalo linathetsa zotsatira za 2014, a Namasasu ndiwachotse pa mndandanda wa aphungu?

Bambo Jere (mkonzi wopuma):
Ayi mwanawe, musawachotse. Analumbira, anakhala pampando m'Nyumba ya Malamulo, ndipo anthu a m'deralo akafuna phungu ankapita kwa iwo kwa zaka pafupifupi zitatu. Bwalo linathetsa zotsatira, silinafute zaka zimenezo. Nenani kuti analengezedwa opambana mu 2014, anakhala phungu kufikira chigamulo cha 2017. Ndipo musamale ndi liwu loti "anabera". Chomwe chili pa mbalambanda ndi chakuti mavoti sanawerengedwenso chifukwa anapsa. Mukaonjezera mchere wanu pamenepo mudzakayankha nokha kubwalo.

Koma vuto lanu lalikulu si limeneli. Mwayambira 1994 ngati kuti nthaka yake ndi imodzimodzi. Mu 1994 madera anali 177. Chisankho cha 1999 chisanachitike anadulanso malire, madera n'kukhala 193, ndipo mapu amenewo ndi omwe anagwira ntchito mu 1999, 2004, 2009, 2014 ndi 2019. Zisankho zisanu zimenezi mungaziike pamzere umodzi mtima uli m'malo. Cha 1994 chili pa mapu ena, cha 2025 chilinso pa mapu ena a madera 229 omwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2022. Mzinda wa Lilongwe unali ndi madera anayi okha, Centre, West, South West ndi South East, ndipo pano anaugawa tizigawo tambiri ta mayina a malo, monga Mtandire-Mtsiriza. Dera lanu silinasinthe dzina chabe, analiduladula.

Ine ndinazionapo zotere mu 1999, ndili mtolankhani wa paboma lina. Ndinalemba kuti phungu wina wataya theka la omutsatira, poyerekeza mavoti ake a 1994 ndi a 1999. Nkhani itatuluka kunabwera mphunzitsi wina pa njinga yakapalasa, atapinda nyuzi m'thumba la malaya. Anaiyala pa desiki panga n'kundilozera ndi cholembera masukulu atatu omwe anali atawapititsa ku dera latsopano. Anthu aja sanamutaye phunguyo, anangowasamutsira kwina pa mapu. Mpaka lero ndikaona nambala ziwiri zaikidwa pamodzi ndimayamba ndafunsa kuti zachokera pa nthaka imodzi kodi.

Nyagondwe:
Ndikugwirizana ndi bambo Jere. Ine ndilowe pa chiganizo chomwe mkonzi wanu akufunacho, chifukwa kwathu kuno chinatipwetekapo. Tengani Karonga Central. Mu 2004 anali a Frank Mwenifumbo, 2009 a Cornelius Mwalwanda, 2014 a Mwenifumbo, 2019 a Mwalwanda. Anthu awiri omwewo kumalandirana mpando, zipani zawo zikusinthasintha. A Mwalwanda anapambana pa tikiti ya MCP mu 2019, anamwalira mu Julayi 2020, ndipo pa chisankho chapadera cha pa 10 Novembala 2020 anapambana a Leonard Mwalwanda a MCP, a Mwenifumbo atayimira UTM. Munthu wongoona mtundu wa nsalu za zipani sangamvetse kanthu pa dera limenelo. Ovota ankatsata munthu, mbumba yake ndi kumene amachokera.

Ndiye pa dzina lililonse lembani chipani chomwe chinali pa pepala loponyera voti tsiku limenelo, osati chomwe munthuyo ali lero. Makamaka samalani ndi Nyumba ya Malamulo ya 2004. DPP kunalibe pa chisankho chimenecho, a Bingu wa Mutharika anaiyambitsa mu 2005 atatuluka mu UDF, aphungu ambiri n'kuwatsatira, nkhani ya gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lokhudza aphungu osintha chipani, n'kubuka. Ukatenga mndandanda wa aphungu wa 2007 ungaganize kuti anthu anavotera DPP mu 2004.

Achimwene Mbewe:
Pomwepo muonjezere oyima paokha. Mu 2014 analowa oposa 50, mu 2019 chimodzimodzi. Ambiri mwa iwo anali anthu a zipani omwe sanakhutire ndi zisankho zachipulula. Ngati m'dera lanu munali wotero yemwe anapeza mavoti ambiri, fufuzani kuti anachokera ku chipani chiti, chifukwa nthawi zina ndiye amene anagawa mavoti n'kugwetsa mnzake.

Nabanda:
Izi ndamva. Koma omvera athu ndi a lero, ali m'madera atsopanowa. Akufuna kudziwa kuti kwawoko kunkavota bwanji kale. Ndingowauza kuti mbiri inathera mu 2019?

Chisale wa ziwerengero:
Njira ilipo, koma ndi yotopetsa. Musatsate dzina la dera, tsatani malo oponyera voti. Sukulu ya pulayimale yomwe anthu anavoterapo mu 2019 ikadali pomwe inali. Pezani mndandanda wa malo oponyera voti a South East a 2019 ndi zotsatira za pamalo paliponse, kenako mndandanda wa 2025. Pa kompyuta ikani mzere umodzi pa sukulu iliyonse: dzina, wodi, dera lakale, dera latsopano, mavoti a aliyense. Mukasanja potsata dera latsopano muona okha kuti South East inapita kuti ndi kuti, ndipo chigawo chilichonse chinkakonda ndani.

Misampha yake ndi iyi. Mayina a masukulu amalembedwa mosiyana chaka ndi chaka, ndipo pali malo ena atsopano omwe anagawa anthu a sukulu imodzi pawiri, choncho funsani munthu wokhala konko asanakusokonezeni. Mawodi nawonso anawadula, anachoka pa 462 kufika pa 509, ndiye wodi musaidalire ngati chikhomo. Komanso kaundula wa ovota wa 2025 anamulemba mwatsopano, choncho yerekezani magawo pa 100 aliwonse osati mavoti enieniwo. Pogawapo gwiritsani ntchito mavoti ovomerezeka, oonongeka muwaike padera.

Dera latsopano likhozanso kukhala ndi masukulu ochokera ku South West kapena ku Centre. Kumeneko anthu ankasankha pakati pa mayina ena, ndiye kuphatikiza mavoti a chipani kuchokera m'madera awiri kumafuna chenjezo.

Bambo Jere (mkonzi wopuma):
A Chisale, njira yanu ndi yabwino, koma pawailesi ikanenedwa mosasamala isanduka bodza. Palibe amene anavotera phungu wa dera latsopanolo mu 2019. Nabanda, mukagwiritsa ntchito nambala zimenezo nenani poyera kuti "taphatikiza tokha zotsatira za malo oponyera voti awa", ndipo mutchule malowo. Musanene kuti ndi zotsatira za MEC.

Nyagondwe:
Ndipo mphindi 20 musazidzaze ndi nambala, achemwali. Khutu siligwira ziwerengero zopitirira ziwiri nthawi imodzi. Pezani mayi kapena bambo yemwe wavotera pa sukulu imodzimodzi kuyambira 1999. Ine nditachita zotere ndinapeza agogo ena atasunga ziphaso zawo zakale zovotera m'kabuku ka nyimbo za kutchalitchi, atazimanga ndi kalabala. Anandiuza amene ankabwera kudzachita msonkhano pabwalo la sukuluyo chaka ndi chaka, ndi zomwe ankalonjeza. Zaka ndi mayina ndinakazitsimikiza ndi mapepala, chifukwa pena ankasakaniza 2004 ndi 2009, koma mawu awo ndiwo ananyamula pologalamu yonse.

Achimwene Mbewe:
Za mapepalawo, mayina a 1999, 2004 ndi 2009 musawatenge pa intaneti pokha. Onani Gazette ya boma ya chaka chimenecho, ndipo Hansard, buku la zokambidwa m'Nyumba ya Malamulo, ikuuzani tsiku lomwe phungu analumbira, zomwe zimathandiza pogwira zisankho zapadera zomwe anthu anaziiwala. Nyuzi zakale mukazipeza ku National Archives ku Zomba. Ngati Lachinayi layandikira kwambiri, kambani mwakuya za 2014 mpaka 2019 zomwe muli nazo umboni wokwanira, zakalezo mungozidutsa mwachidule.

Nabanda:
Ndathokoza nonse. Ndakambirana ndi mkonzi, chiganizo chija tachichotsa. Titsegula ndi nkhani ya mabokosi omwe anapsa mu 2014, kenako 2017 ndi 2019, ndipo chigawo chomaliza chikhala cha kumene masukulu a South East anapita pa mapu atsopano. Cha 1994 tichitchula padera pamodzi ndi madera 177 aja. A Chisale, ndasanja kale masukulu asanu ndi awiri, koma awiri akuoneka ngati ndi malo amodzi olembedwa mosiyana. Ndikutumizirani madzulo ano mundionereko.

Chisale wa ziwerengero:
Tumizani pamodzi ndi chiwerengero cha olembetsa pa malo awiriwo, ndiyambira pamenepo.