Ndili ku Cape Town, kumudzi anasiya kundiimbira. Ndiyambire pati?

Admin chonde mundibisire dzina, mu gulu muno muli abale anga ambiri.

Ndine bambo wa ku Mulanje, ndinabwera kuno mu 2018. Ndimagwira ya m'gadeni ndi maganyu a penti, ndimakhala ku Dunoon. Kumudzi ndinasiya amayi, achemwali anga awiri ndi mwana wanga wamkazi yemwe pano ali Sitandade 4. Ndi mayi ake tinasiyana nde mwanayo akulera ndi agogo ake.

Nditangofika kumene timayankhulana Lamulungu lililonse. Amayi ali ndi kafoni ka mabatani, nde vidiyo timapangira pa foni ya alamu anga, bandulo ndimagula ndine. Koma pang'onopang'ono foni iliyonse inasanduka ya ndalama, moni wachidule kenako feteleza, fizi, denga likudontha, uje wagonekedwa kuchipatala. Sindikuwanena ayi, ndikudziwa mmene zinthu zinakwerera chigwetsereni kwacha mu November 2023, ndipo namondwe wa Freddy anatikokololera munda wonse wakudimba chaka chomwecho. Koma nanenso kuno pali renti, magetsi, thiransipoti, ndipo June ndi July kukayamba mvula yozizira ija mabwana ambiri amati usabwere sabata ino. Miyezi imeneyo foni ikamalira ndikaona +265 mtima umangogunda, ndimangoiyang'ana mpaka idule yokha chifukwa ndilibe chowayankha. Mapeto ake anasiya kuimba.

Chandipweteka mpaka ndilembe pano ndi ichi. Amalume anga amene anandilipirira sukulu mpaka Folomu 4 anamwalira mwezi watha, ine ndinadziwira pa status ya msuweni wanga, chithunzi chawo atavala jekete yakutchalitchi ndi mawu oti muuse mumtendere, apo n'kuti atawaika kale. Palibe olo mmodzi anandiimbira. Nditawafunsa achemwali anangoti timaona ngati ndinu otanganidwa. Mwana wanganso tsiku lomaliza kumuona pa vidiyo anabisala kuseli kwa chitenje cha agogo ake, akumukankha kuti lankhula ndi adadi ako, iye anangoti muli bwanji n'kuthawira panja.

Anzanga akusekondale nawo chimodzimodzi, pa gulu lathu la WhatsApp ndimangowerenga, nkhani zawo sindikuzitsatanso.

Mundiuza kuti pita kumudzi, ndikudziwa. Koma masiku 30 amene amatipatsa polowa aja anatha kalekale, ndikangotuluka pa Beitbridge andidinda kuti ndisalowenso mwina mpaka zaka 5, nde fizi ya mwana ichokera kuti? Amene munadutsamo mu zoterezi ndithandizeni, ndiyambire pati kuti abale anga azindiwerengeranso?

Mayankho

Mayi wa ku Joburg: Pepani ndi zovuta achimwene. Ine zinandichitikira zomwezi, chomwe chinandithandiza ndi kusiyanitsa tsiku la ndalama ndi tsiku locheza. Ndinawauza poyera kuti mwezi ukatha ndizitumiza zakuti pa Mukuru, kwa munthu mmodzi basi, amayi, iwo ndi amene azigawa. Mwezi wovuta ndimanena usanathe kuti uno kulibe. Lamulungu ndikaimba nkhani ya ndalama palibe, timakamba za mbuzi, za kwaya, za amene wakwatiwa. Poyamba anakwiya koma anazolowera, ndipo pano foni yakumudzi sindiiopanso.

Wa ku Area 25: Ndiyankheko ngati mmodzi wa otsala kuno. Mchimwene wanga ali ku Durban, ifenso timachita mantha kumuimbira chifukwa ukangoti halo iye wayamba kale kuti zinthu sizili bwino mwezi uno, pomwe iwe umangofuna kumuuza kuti mwana wayamba kuyenda. Zimapweteka kuonedwa ngati wopempha nthawi zonse. Komanso inu a ku Joni mumatisokoneza, pa Facebook chithunzi muli pa Waterfront nsapato zatsopano, za kugona anthu anayi kachipinda kamodzi simunena, nde ife tiziganiza chani? Awuzeni amayi anu chilungamo cha mmene mukukhalira. Achemwali anuwo sanakuiwaleni, anakhumudwa.

Wobisa dzina: Man bwererani basi. Mwana akukula osakudziwani inu mukudula kapinga wa azungu.

Wa ku Bellville: Abwerere akadye chani? Kulankhula n'kosavuta uli pa ntchito ya pamwezi. Munthu wafunsa mmene angalumikizanirane ndi abale, osati tikiti ya basi.

Agogo a Tadala: Mwana wanga, nkhani yako yandikumbutsa bambo anga aang'ono. Anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, pomwe Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown, anzawo ambiri anabwerera koma iwo anatsala konko. Makalata anayamba kubwera patalipatali kenako zii, mpaka lero sitidziwa manda awo. Sikuti anali munthu woipa, ankachita manyazi kubwera chimanjamanja, chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Iwe usatchone foni ili m'manja. Za maliro a malume ako usazisiye choncho, pachikhalidwe chathu mphwake sakhala chete. Imbira amayi ako kaye popeza amwalirawo ndi mlongo wawo, upepese maliro, osayamba ndi kufunsa chifukwa chomwe sanakuuzire. Kenako tuma munthu wamkulu akaperekeko chipepeso kwa akazi awo m'dzina lako, olo chichepe bwanji, bola chikafike pamaso pa anthu. Ndipo uwauze kuti pomanga chiliza thumba la simenti lidzachokera kwa iwe.

Namwino wa ku Leeds: Ine ndiyankha za mwana. Wanga ndinamusiya ali ndi zaka 6, vidiyo inkamuchititsa manyazi chifukwa nyumba yonse imamuunjirira kumuuza zonena. Ndinasiya kumukakamiza, ndinayamba kumutumizira ma voice note aafupi, ndikumufunsa zinthu zoti angayankhe monga aphunzitsi ake a masamu ndi ndani, mnzake wapamtima ndi ndani, kenako sabata yotsatira ndimamufunsa za mnzake uja pomutchula dzina. Amamvera yekha kangapo n'kuyankha nthawi yake. Muwapemphe alamu anuwo azimujambulira kope lake mukonzere limodzi homuweki. Musamulonjeze kuti ndibwera pa Khrisimasi ngati simubwera, ana amasunga zimenezo.

Wa ku Mangochi: Zoona zimenezo. Komanso ma transporter akamapita muzimupatsirako kanthu kakeake kolembedwa dzina lake, olo chikwama chakusukulu, osangoti katundu wa banja lonse.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndawerenga zonse ndipo a ku Area 25 mwandilasa. Agogo, vuto ndi loti amayi ndikaimba pa kafoni kawo amayankha mawu awiri n'kupereka foni kwa achemwali. Ndilimbikire pomwepo kapena ndidutsire kwa munthu wina?

Agogo a Tadala: Imba m'mamawa asanapite kumunda, nthawi imeneyo amakhala okha. Akapereka foni kwa achemwali ako usadule, lankhula nawo bwinobwino, mawa lake uimbenso nthawi yomweyo. Ukaona sabata ziwiri zatha osasintha, pempha mkulu wa mpingo wawo kapena malume wina amene watsala akakhale nawo pansi, iwe uli pa foni.