Kodi kusintha malo kumaiwalitsa zimene munthu anaphunzira?

Mphunzitsi wa Fomu 4:
Ophunzira anga ambiri amadandaula kuti zimene amazidziwa bwino m'kalasi zimawathawa akalowa m'chipinda cha mayeso, makamaka pamene MSCE ikulembedwera pa sukulu ina. Kodi malo achilendo angaiwalitsedi munthu, kapena ndi mantha chabe? Ndikufuna ndidziwe chowalangiza.

Nachisale:
Aphunzitsi, madandaulo a anawo ali ndi maziko. Mu 1975 Duncan Godden ndi Alan Baddeley anapatsa anthu osambira pansi pa nyanja ku Scotland mawu oti aloweze, nthawi zina ali kumtunda, nthawi zina ali m'madzi. Anapeza kuti mawu olowezedwa m'madzi ankakumbukika bwino m'madzi momwemo, ndipo olowezedwa kumtunda ankakumbukika bwino kumtunda. Ubongo ukamasunga phunziro umasungira limodzi phokoso, fungo ndi maonekedwe a malowo, choncho zimenezi zikapezekanso zimathandiza kuti phunzirolo libwerere m'mutu.

Wa ku Dedza:
Zimene anena mayi Nachisale n'zoona, koma tisazikulitse kwambiri. Mu 1980 akatswiri omwewo anabwerezanso ntchitoyi, koma ulendo uno osambirawo ankangofunika kuzindikira mawu amene anawapatsa kale pakati pa mawu ena, ndipo kusintha malo sikunabweretse kusiyana. Ndiye kuti vutoli limakula pa mafunso ofuna kuti mwana atulutse yekha yankho, osati osankha pa mayankho opatsidwa kale. Ine ndimaona kuti amene amavutika kwambiri ndi mwana woloweza manotsi osawamvetsa, chifukwa alibe china chogwirira kupatula tsamba la kope ndi desiki yake.

Nachisale:
Ndikuvomereza, bambo. Ndipo mankhwala ake alipo. Mu 1978 Steven Smith, Arthur Glenberg ndi Robert Bjork anapeza kuti anthu amene anawerenga mawu omwewo m'zipinda ziwiri zosiyana anakumbukira ambiri kuposa amene anawerenga kawiri m'chipinda chimodzi, onse atayesedwa pa malo achilendo. Smith anaonetsanso mu 1979 kuti kungoganizira chipinda chimene munthu anaphunziriramo kumathandiza kukumbukira. Choncho aphunzitsi, anawo azisinthasintha powerengera: lero m'kalasi, mawa pansi pa mtengo, mkuja kunyumba. Mayeso okonzekera azilemba mwakachetechete, atakhala motalikirana komanso mowerengera nthawi, monga momwe MANEB imalembetsera, ndipo ngati n'kotheka muwalembetse m'chipinda chimene sachizolowera.