Mlatho ukapasa mayeso pa kompyuta ndiye kuti basi zatheka?

Chiko_civil:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndili chaka chachitatu ku civil ndipo masiku ano chilichonse akuti tilowetse mu pulogalamu, kaya SAP2000 kaya Prokon, umajambula mlatho wako, kuusenzetsa mathiraki ongoyerekeza, mphepo, chivomezi, kenako kompyuta n'kukuuza kuti zili bwino. Ndiye ikatero nkhani yatha eti? Nanga bwanji kusaiti anthu akuphwanyabe ma cube a konkire, timabuloko toyesera kulimba kwake, ndi kukumba maenje oyeza dothi pomwe zonse zinayesedwa kale mu ofesi, si kungotaya ndalama za eni pulojekiti kumeneko?

Mjomba_Leeds:
Iwe Chiko, kompyuta imangoyankha zomwe waifunsa basi. Kafufuze za Millennium Bridge ya ku London, mlatho wa anthu oyenda pansi wodutsa pa Thames. Unatsegulidwa pa 10 June 2000 ndipo patangopita masiku awiri anautseka. Ma injiniya ake anali a Arup, osati anthu wamba, masamu anachita ndithu, kulemera kwa anthu anawerengera bwinobwino ndipo mlathowo sunali woti ungagwe. Chomwe sanaike mu simulation, kuyerekeza kwa pa kompyuta kuja, ndi ichi: munthu akamayenda sapondera pansi pokha, amakankhanso pang'ono cham'mbali, kumanzere kumanja, ndiye mlatho ukangoyamba kugwedezeka pang'ono aliyense amasintha kayendedwe kuti asagwe, mapeto ake onse akuponda nthawi imodzi osadziwa, kugwedezeka kuja n'kumangokula. Tsiku loyamba lija panali chikhamu, anthu mpaka 2,000 nthawi imodzi, ndipo unkapita cham'mbali pafupifupi 70 mm, ena mpaka kugwira zitsulo zam'mbali. Kuti amvetse bwino vutolo anachita kutenga anthu enieni kuwayendetsa pamlathopo, kumawonjezera pang'onopang'ono uku akuyeza, n'kupeza kuti pamakhala phee mpaka anthu akafika nambala inayake kenako zimangoyamba mwadzidzidzi. Anaika ma damper, zida zochepetsa kugwedezeka, ndalama zina pafupifupi £5 miliyoni, n'kudzautsegulanso mu February 2002. Pulogalamuyo sinaname ayi, funsolo ndi lomwe panalibe analifunsa.

NaPhiri_Eng:
Ya amjomba ija bola palibe chinawonongeka kwenikweni. Ine yomwe imandiopsa ndi Sleipner A ya ku Norway mu 1991, chitsinde cha konkire cha pulatifomu ya gasi, chinamira pafupi ndi Stavanger akuchiyesa m'madzi. Apa funso linafunsidwa koma yankho linali lolakwika. Mu finite element umaduladula chinthu m'tizidutswa tambirimbiri, ndiye pamalo pomwe makoma ankakumana tizidutswato tinadulidwa moyipa, mphamvu ya shear, yomwe imafuna kudula khoma ngati sizasi, inatuluka yochepa ndi pafupifupi 47%, zitsulo n'kuikidwa zosakwana. Khoma linang'ambika madzi n'kulowa. Ndiye mng'ono wanga ukaona zithunzi zokongola zija zamitundumitundu, kofiira apa kobiriwira apo, usatengeke, tenga pepala ndi kalukuleta uchite masamu achidule uone ngati nambalazo zikuyandikana. Zikasiyana kwambiri china chake chalakwika, ndipo kawirikawiri ndi iweyo osati makina. Ana ambiri obwera pa attachment ukawafunsa kuti beam iyi ikusenza zingati amathamangira laputopu, zimandinyansa.

Foromani_wakale:
Kkkk inu a ma ofesi mwayankhula, tsopano mverani za kufumbi. Pa dilowing'i mwalemba konkire ya 30 MPa, ndiko kulimba kwake kumeneko, kompyuta yanu yakhulupirira. Koma amene akusakaniza ndi mnyamata amene akufuna konkire yofewa kuti isamuvute kuthira, ndiye amangowonjezera madzi foromani akayang'ana kumbali, mchenga nawo wabwera wa dothi, simenti inagonera mvula. Kompyuta izidziwa bwanji zimenezo? Nchifukwa chake timapanga slump, kuyeza kufewa kwa konkire, pomwepo galimoto ikangofika, n'kutenga ma cube a 150 mm kukawaphwanya ku labu pa masiku 7 ndi 28. Dothi chimodzimodzi, nambala ya CBR, yoonetsa kulimba kwa dothilo, sungaipeke pa desiki. Komabe ndisaname, BIM, kujambula chomangacho chonse mu 3D pa kompyuta, yatithandiza. Kale unkapeza kuti paipi ikuyenera kudutsa pomwe pali beam mutathira kale, ndiye kumaswa ndi jekihama uku mukutukwanana ndi a pulambala. Pano pulogalamu ya Navisworks imaonetsa kuti izi zagundana musanagule n'thumba limodzi la simenti lomwe.

Chiko_civil:
Zikomo nonse, ya Norway yo sindinkaidziwa. Nanga za madzi osefukira? Milatho yathu yambiri imapita ndi madzi osati kulemera kwa magalimoto.

NaPhiri_Eng:
Pamenepo ndiye pomwe pali ntchito yathu yeniyeni. Pali pulogalamu ya HEC-RAS, anapanga ndi a US Army Corps of Engineers ndipo ndi yaulere, umaika maonekedwe a mtsinje ndi kuchuluka kwa madzi iyo n'kukuonetsa pomwe madzi adzafike ndi liwiro lake pa mizati, chifukwa chomwe chimagwetsa mlatho nthawi zambiri ndi madzi kukumba pansi pa mzati mpaka utalendewera. Koma kuchuluka kwa madziko ukutenga kuti? Amati panga za chigumula chobwera kamodzi pa zaka 50 kapena 100, ndiye ngati zolemba za mtsinjewo ndi za zaka zochepa komanso zodukaduka, kapena ndi za nthawi yomwe phiri linali ndi mitengo, nambala yako ndi yongoganizira. Ndipo taona pa Freddy mu March 2023, chomwe chinatsika ku Soche komanso ku Mulanje ndi Phalombe sanali madzi okha, anali matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo, zomwe zimatseka kalavati msangamsanga madzi n'kudutsa pamwamba pa msewu. Ukaika madzi oyera okha mu simulation zimenezo suziona. Ine ndisanatsegule pulogalamu ndimayamba ndapita kumtsinjeko, kufunsa agogo a m'mudzi kuti madzi anafika pati chaka chomwe anavuta kwambiri, akakulozera pamtengo kapena pakhoma la tchalitchi uyeze pamenepo ndi levulo, kenako uone ngati kompyuta yako ikutha kufikitsa madzi pomwepo.

Mjomba_Leeds:
Chiko koperatu HEC-RAS yo lero, uyambe ndi kamtsinje kakwanu komwe ukukadziwa. Ukakanirira pa ma cross section, maonekedwe a mtsinje kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina, undiuze.