Chithunzi cha Cecil Square chikuyandama pafoni, tithandizane

Chisomo: Akuluakulu, ndakanika pa app ija ya AR (yoika chithunzi pamwamba pa zimene kamera ya foni ikuona) tikupangira anthu oyendera mbiri ya tauni ya Harare. Munthu akaima pa Africa Unity Square n'kuloza foni cha ku hotela ya Meikles, payenera kutuluka chithunzi cha nthawi imene bwaloli linkatchedwa Cecil Square, chitagwa ndendende pa zimene akuonazo. Koma sichikukhazikika. Pena chikutsetserekera mumsewu wa Jason Moyo, pena chikukakhala pamwamba pa mitengo. Ndikudalira GPS ndi kampasi ya foni.

aMbewe: Vuto ndi lomwelo, achemwali. Pakati pa nyumba zosanja siginolo ya GPS imayamba yagunda makoma isanafike pafoni, ndiye imakuphonyani ndi mamita angapo. Pa mapu zilibe kanthu, koma pa AR mamita amenewo akwana kusamutsa hotela yonse. Kampasinso imapenga ikayandikira zitsulo. Kombi (minibasi) ingodutsa, kumpoto kwasuntha.

Yamikani: Mwayesa Geospatial API ya ARCore, chida cha Google chopangira AR? Imayerekeza zimene kamera ikuona ndi zithunzi za misewu za Google Street View.

aMbewe: Ayambe afunsa ndi checkVpsAvailabilityAsync, lamulo la mu ARCore momwemo, ngati malowo alimo. Komanso ganizirani za mafoni. Ana asukulu amene tikufuna kuti aone zimenezi ambiri ali ndi timafoni totchipa tosalola ARCore. Ine ndikanasiya GPS kuti ingonena kuti munthu wafika pabwalo, basi. Chithunzicho chimangirireni pa nyumba yeniyeni, foni izizindikira khomalo ndi kamera. Pulogalamu ya MindAR imachita zimenezi mu browser, munthu osatsitsa app n'komwe.

Chisomo: Ndiye ndijambule kumaso kwa Meikles kukhale chizindikiro choti foni izichizindikira?

Mayi Nabanda: Ayi mwana wanga, pamenepo mutaya nthawi. Ine ndimayendetsa alendo pabwalo limenelo. Hotelayo inatsegulidwa mu 1915, koma nyumba mukuionayo si imeneyo, ndi yam'mbuyo muno. Chithunzi chakale sichipeza pogwira. Tembenukirani ku tchalitchi cha Anglican, khoma lake lamiyala lidakali lomwe lija. Town House ya 1933 pa Julius Nyerere Way nayonso ndi yabwino, nsanja ya wotchi ija imaonekera patali. Koma musaiwale majakaranda. Mukajambula mu Okutobala ali mbuu ndi maluwa, pofika Juni foniyo idzaona zina. Ndipo musawauze alendo kuti aziloza mafoni ku nyumba za boma, adzafunsidwa mafunso amene simunawakonzere.

aMbewe: Amayi anena zoona. Dulani chizindikirocho chikhale khoma ndi mawindo okha, popanda mtengo, galimoto kapena chikwangwani cha malonda. Jambulani m'mawa ndi madzulo, chifukwa mthunzi umasintha nkhope ya nyumba. China chimene ambiri amaphonya n'chakuti chithunzi chili ndi malo amodzi okha pomwe chimagwirizana ndi dziko, ndiwo pomwe anaima wojambulayo. Sindikizani chithunzicho papepala, muyende nacho mpaka ngodya ya denga ndi nsonga ya nsanja zikumane monga zilili pamenepo. Mukapapeza, app iziuza munthu kuti aime pompo. Ikaninso kabatani kokoka kuti aziwalitsa kapena kuzimiriritsa chithunzicho yekha. Chikaphonya pang'ono, diso limakhululuka.

Yamikani: Chepetsaninso kukula kwa zithunzizo. Bandulo ya Econet kapena NetOne ikathera pa chithunzi chimodzi, munthuyo sabweranso.

Mayi Nabanda: Zithunzi mwazitenga kuti? Ngati n'za ku National Archives, pemphani chilolezo cholembedwa musanaziike pa intaneti. Mawu a pansi pake mudzapeza ali ndi mayina akale, ndiye khalani ndi m'ndandanda pafupi. Jameson Avenue ndi Samora Machel, Kingsway ndi Julius Nyerere, Manica Road ndi Robert Mugabe Road, Stanley Avenue ndi Jason Moyo wanuyo. Salisbury yeniyeniyo inasanduka Harare mu 1982. Mlendo akawerenga Stanley Avenue amayamba kuzungulirazungulira ngati nkhuku yosowa poikira.

Ndili ndi pempho langa. Pa Africa Unity Square aliyense amanena za mbendera imene gulu la atsamunda la Pioneer Column linakweza mu Seputembala 1890. Nanga ife? Agogo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena kudzera pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito lija, n'kukhala ku Mbare nthawi imeneyo kukutchedwa Harari. Ena anatchona konkuno, ndipo gule wamkulu akuvinidwabe. Stodart Hall ndi Mai Musodzi Hall zilipo, makoma ake angagwire chithunzi bwinobwino. Zithunzi zake muzikazipeza m'masutikesi a anthu, ndipo eni ake avomere kaye.

Chisomo: Ndayesa pa Town House masana ano, khoma lokha monga ananenera aMbewe. Chagwira, ngakhale pa kafoni ka itel ka mng'ono wanga. Chikumasuka pokhapokha basi ikatchinga, ikadutsa chikubwerera. Cecil Square ndiyambiranso ndi khoma la tchalitchi. Amayi, Loweruka mungandiperekeze ku Mbare?

Mayi Nabanda: Tikumane pa Stodart 9 koloko. Mubwere ndi mapepala oti eni zithunzi asayine, a Chichewa ndi a Chishona.